Ndinanamizira netiweki

Ndimagwira ntchito mu ofesi ya alimi a tiyi ku Chitakale. Abwana anandiuza kuti ndichotse chilolezo cha pulogalamu yakale yomwe inkalumikizana ndi pulogalamu yathu ya akaunti. Pakompyuta panali zilolezo zingapo za mayina ofanana, ndipo ndinachita manyazi kufunsa. Ndinangodina chimodzi. Chinali cha pulogalamu yotumiza malipiro pafoni.

Lachisanu, tsiku la malipiro, alimi anadzaza pakhonde, chiperoni chikuwanyowetsa, mafoni awo ali zii.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa abwana.

"Ndi netiweki, bwana," ndinatero, maso ali pansi. Kukonza kwake kunkafuna pasiwedi ya abwanawo, ndipo kuipempha kunali kudziulula.

Madzulo mayi wina wachikulire, akubwerera ku Milonde chimanjamanja, anandigwira dzanja.

"Pepani mwanangu, makinawa akuzunzani lero."

Ine, wopanda manyazi, ndinayankha kuti zikomo.