Tsiku Limene a Bernadetta Anavulitsa Mpingo Nsapato

Mayi Bernadetta Mwalabu amakazinga zitumbuwa pamsika wa Nsanama, ndipo chibadwire pakamwa pawo sipatha mafunso. Ali kamtsikana anawathamangitsa kukalasi ya ubatizo kawiri chifukwa chofunsa zosafunsa. Atakula anapeza kwawo: kampingo kakang'ono kuseri kwa chigayo, kopanda likulu, ka anthu osakwana makumi asanu. Abusa ake, a Hudson, amakonda kunena kuti Mulungu saopa funso. Anakhazikitsanso lamulo loti Lamulungu loyamba la mwezi, aliyense abwere ndi chinthu chachilendo choti mpingo uyese.

Anthu ena ankabwera ndi nyimbo yatsopano basi. Koma a Bernadetta ankakatola zawo pamsika, kwa a Lukiya, mnzawo wachisilamu wogulitsa tomato pambali pawo.

"Amwali, kumzikiti mumavuliranji nsapato?" anafunsa tsiku lina.

"Inu kwa apongozi mumalowa ndi matope?" anayankha a Lukiya, maso ali pa tomato.

Yankholo linawakomera a Bernadetta. Linawakumbutsanso za a Ambrose, mkulu wa mpingo wa jekete ndi tayi, amene ankatsutsa chilichonse chochokera kwa iwo. A Bernadetta ankadutsa tsiku ndi tsiku pafupi ndi chingwe choyanikira zovala cha kwa a Ambrose, choncho masokosi awo ankawadziwa bwino.

Lamulungu litafika, anaima pakhomo la tchalitchi osachenjeza munthu.

"Lero tilowe ngati anzathu akumzikiti. Nsapato zitsale panja."

Abusa anaseka, n'kuyamba iwo kuvula. Amayi anataya masilipasi mosavuta. A Ambrose okha anaima chilili.

"Amayi, zimenezi zalembedwa pati?"

"Iyayi bambo, sitikulemba. Tikungoyesa."

Mpingo wonse unkawadikira, ndiye anawerama pang'onopang'ono n'kumasula zingwe. Sokosi yakumanzere inali yakuda, yakumanja yobiriwira, ndipo chala chachikulu chinasuzumira panja ngati kamba. A Bernadetta anayang'ana kudenga ndi nkhope yopemphera, mapewa akugwedezeka.

Koma mkatimo munachitika zimene sanayembekeze. Kunali mayi wina wokalamba, a Esther, amene zaka zonse ankakhala benchi yakumbuyo, mapazi atabisa m'chitenje chifukwa analibe nsapato. Tsikulo anayang'ana uku ndi uku, naona kuti aliyense ali chimodzimodzi. Anadzuka, n'kukakhala kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi a Ambrose. Nyimbo itayamba, anthu anamva mawu amene anali asanawamvepo, okwera bwino, osanjenjemera. A Bernadetta kuseka kunawathera. Anachita manyazi kuti zaka zonsezi ankafunsa za kumwamba ndi za kumzikiti, koma sanafunsepo chimene chinkawakhazika a Esther kumbuyo.

Mapemphero atatha, abusa anafunsa ngati mwambowu upitirire. Woyamba kukweza dzanja anali a Ambrose.

"Upitirire," anatero. "Koma china chilichonse chochokera kwa mayi awa, azitiuziratu kudakali sabata."

Mpaka lero nsapato zimatsala pakhomo, ndipo a Esther ndiwo amayambitsa nyimbo.

Si zonse za a Bernadetta zimene zinayenda chonchi. Mwezi wotsatira anaitana a Lukiya kudzayankha mafunso a mpingo, ndipo anthu anafunsa mpaka dzuwa kupendeka, ena n'kuguliratu tomato. Kenaka anakopa mpingo kuti uyese kupemphera mbandakucha, nthawi imene mzikiti umaitana. Anthu khumi ndi awiri anafika atafunda zitenje, a Ambrose ali patsogolo ndi tochi. Anaimba, anapemphera, anadikira mpaka kunayera. Mwini nkhani sanaoneke.

Pobwerera anthuwo anadzera kwa a Bernadetta, nawapeza akutsegula chitseko, maso ali otupa ndi tulo.

"Zayenda bwanji?" anafunsa a Bernadetta. "Ndiuzeni zonse, musasiyeko kanthu."