Tsiku Limene Ndinauluka ndi Nsalu ya Chipani

Mwana wanga wabwera ndi kabuku kazithunzi kakalekale kochokera ku laibulale kuno ku Woodbridge. Akuti chimphona chouluka chovala mbendera chimene chili m'kabukumo anachijambula pa nthawi ya nkhondo kuti anthu akonde dziko lawo. Ine fungo la pepalalo landisowetsa mtendere.

Tsamba lotereli linandipeza ndili wamng'ono, atakulungira zitumbuwa. Nditanyambita mafuta, ndinaona kuti Malawi nayenso akufunika chimphona. Mbendera tinalibe, ndiye ndinamanga m'khosi nsalu ya chipani ya amayi, yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri, n'kudumpha kuchokera padenga la khola. Ndinauluka mphindi zitatu zathunthu, ndikulumbira. Kenako nkhope ija inatera m'ndowe, tcheyamani wa chipani akudutsa.

Masiku amenewo anthu ankasowa pa nkhani zochepa kuposa iyi. Bambo anaika khasu pansi.

"Atcheya," anatero bambo, "mwanayu amawakonda atsogoleri, amafuna awakweze kumwamba."

Atcheya anayang'ana ndowe, anayang'ana denga, kenako bondo langa lochucha magazi.

"Chabwino. Nsaluyo ichapidwe. Loweruka adzaulukenso pamsonkhano, anthu onse aone."