Bwato la Wamanzere

Kukangocha, mayi Rosa Fanizo a kwa Ndamera amatsikira kudooko ndi chikho kukakapa madzi m'bwato lakale lomwe linaleka kupita kokapha nsomba.

Tsiku lina mlamu wawo Kalisto anawapeza komweko atanyamula nkhwangwa.

"Alamu, chimango chowolachi tidule, nkhumba zizidyeramo."

"Mango?" Mayi Rosa anagogoda m'mbali mwa bwatolo. "Mwamva kulirako? Uwu ndi mtengo wa mtondo. Mphuno iyi ndi kasemedwe ka Asena a kutsidya. Onaninso m'mene kasemasema ankadyera, mabala onse apendekera kumanzere. Wosema ndi dzanja lamanzere kwathu ku Mozambiki anali mmodzi yekha, bambo anga. Analisema ine ndikukwawa, ndipo lero ndili ndi zidzukulu."

Atatero anakhala m'bwatomo n'kupinda manja. "Muyambe mwadula ine."

Kalisto anapukusa mutu n'kubwerera.

Bwatoli ndi lomwe linawawolotsa Shire pothawa nkhondo. Linadzaza, ndipo mchimwene wawo Lorenso anatsala pagombe. Mtendere utabwera, mayi Rosa anatumiza kalata kutsidyako, ndipo mpaka lero sinayankhidwe: "Achimwene, ngati mukadali moyo, tchulani tsiku, ndidzakutengeni pa bwato la bambo."