Chidutswa cha Atelala

Agogo ena anasoka zovala zaka makumi anayi, ndipo anthu ankangowatchula kuti Atelala. Anali ndi lamulo limodzi: chidutswa chotsala pa nsalu, ngakhale chochepa ngati chikhadabo, chizibwerera kwa mwini. Ankati cha mwini chikagona m'nyumba mwako chimaitana.

Tsiku lomwe anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, mpongozi wawo, yemwe ankamutchula kuti make mwana, ndiye anawaperekeza kuchipatala, khanda lili kumsana. Dokotala anati njira zilipo ziwiri. Kumanga fupalo ndi misomali yachitsulo, koma pa msinkhu wawo mwina silingagwirane. Kapena kudula mutu wa fupalo n'kuikapo wachitsulo, ayambe kuyenda msanga.

"Dulani," anatero Atelala. "Koma chodulacho mubweza kwa mwini?"

Dokotala anaseka. "Agogo, mukufuna mukaphike?"

Iwo sanaseke.

Opaleshoni inayenda bwino, koma Atelala anakana kudzuka, ndodo zoyendera zomwe anawapatsa zili pambali pa bedi. Namwino anakokera make mwana pakhonde n'kumuuza mosabisa kuti okalamba akagonera pabedi, zilonda ndi chibayo sizichedwa, ndipo ambiri sadzukanso. Masiku asanu anatha. Masana aliwonse Atelala ankatembenuzira khutu kukhomo la wodi.

"Mukulimva, make mwana? Fupa langa likundiitana."

Iye ankangomva mawilo a machira. Koma khanda linkasiya kuyamwa, nalo n'kuyang'ana komweko.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anapita kwa wogulitsa nyama, napempha mutu wa fupa la mbuzi. Analiwiritsa, analipala mpaka kuyera, nalikulunga m'kansalu.

"Amayi, adokotala abweza."

Atelala analigudubuza m'manja monga ankayesera nsalu, maso ali chotsinzina.

"Si langa ili. Lachepa." Analiyandikitsa kukhutu. "Nalonso likuitana kwawo."

Make mwana anafuna kuulula, koma Atelala anamudula mawu.

"Ndipatseni ndodo zija."

Anatsitsa mwendo, kenako wina, naimirira thukuta lili kamukamu. Namwino anaomba m'manja, odwala ena n'kululuta. Atelala sanacheuke. Anafumbata kansalu kaja pamodzi ndi ndodo, nalunjika kukhomo, go, go, go.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Kukabweza. Tsogolani inu, mukudziwa komwe mwalitenga."

Make mwana analimbitsa mbereko, natsogola. Kumsana, khanda linali litapotoza khosi, likuyang'anitsitsa dzanja la agogo ake.