Magetsi Alipo, Koma Afooka

Lolemba ndinagwada pamaso pa furiji. Musaseke, abale anga. M'furijimo timasunga jakisoni wa shuga wa bambo a Chisomo, ndipo mankhwala amenewa akatentha ndiye kuti atha ntchito. Furiji inkangong'ung'udza osazizira, babu wa pabalaza atafiira ngati khala.

Nditati amen, ndinaika jakisoniyo mumtsuko wa mchenga wonyowa n'kulunjika kuchigayo kwa a Saidi. Ndinali nditaona kuti iwo akangoyatsa chigayo, kwathu magetsi amafooka.

"A Saidi, mukutimwera magetsi onse. Mukufuna ndikhale wamasiye?"

"Mayi a Chisomo, inetu mota yandipsera kawiri," anatero akuseka. "Ndimayesa ndi furiji yanuyo ikundidyera."

Tinagwirizana zokanena kwa a zamagetsi. Lachinayi kunabwera mayi wa chipewa cholimba n'kuyeza mawaya. Anandifotokozera modekha, poti ine sukulu ndinalekezera kupulayimale. Akuti magetsi akayenda mtunda wautali amafika atatopa, ndipo ife tili kumapeto kwa waya. Komanso mota ya chigayo, kupatula mphamvu yogayira, imakoka ina yongopita ndi kubwerera m'wayamo, ngati munthu wokwera pikapu ya ku Thambani tsiku lonse osatsika, kungothinitsa anzake. Anakweza pang'ono mphamvu pa thiransifoma, n'kuwauza a Saidi kuti aike kabokosi kotchedwa kapasita pambali pa mota, kuti mphamvu yoyendayendayo izipezeka pomwepo.

Kenako anandifunsa kuti vutoli linayamba liti. Ndinati chaka chatha. Anagwira pakamwa, akuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anakanenapo.

Zoona? Wometa alipo, wowotcherera zitsulo alipo, ife amayi tilipo, tonse phee. Magetsi akazima timathamangira foni. Akafooka timangoti bola alipo, n'kugula babu wina. Tinazitengera kuti zimenezi?

Kuthokoza n'kwabwino, ine ndimathokoza m'mawa uliwonse. Koma Mulungu amene anatipatsa mawondo anatipatsanso pakamwa.

Jakisoni ndinakaonetsa kuchipatala, akuti ali bwinobwino. Furiji ikuzizira mpaka madzi kuuma gwa, ndipo bambo a Chisomo apeza mphamvu zodandaulira kuti tiyi wawo sakutsekemera. Ambuye alemekezeke.

Nanga kwanuko, n'chiyani chikufooka pang'onopang'ono, aliyense akudikira kuti akanene ndi mnzake?