Chingwe cha a Kaliati

A Kaliati a ku Kaduya anabwera kuchokera ku nkhondo yaikulu, ku dziko la Bama, ali ndi chifuwa chosamva mankhwala komanso chingwe cha wailesi, mayadi makumi atatu. Chinali chingwe chachilendo: waya mmodzi pakati, wokutidwa bwino, ndipo kunja kwake ukonde wa tiwaya tamkuwa tolukana. Ku usilikali ntchito yawo inali yolumikiza zingwe zotere.

Mu 1953 a Ramadani, mwini sitolo ya m'mudzimo, anagula wailesi ya m'sitolo mwawo, koma inkangolira ngati mvula pa malata. A Kaliati anamanga waya pamwamba pa bulugamu, natsitsa chingwe chawo mpaka kuseri kwa wailesi. Wailesi ya ku Lusaka inayamba kumveka bwinobwino.

Patapita zaka zitatu khoswe anadula chingwecho pafupi ndi pulagi. A Ramadani anangopota mawaya onse pamodzi, wailesi n'kukhala chete. Sabata yomweyo kunafika kalata ya Lekani, mwana yekhayo wa a Kaliati, amene anali ku migodi zaka zinayi osabwera. Analemba kuti moni wake uwerengedwa pa wailesi Loweruka, folo koloko.

"Achimwene, mwamanga ngati mukumanga mbuzi," anatero a Kaliati ataona mfundoyo. "Wapakatiyu ndi ukondewu sakhudzana. Kawaya kamodzi kokha kakasochera, basi, mawu afa."

Anasenda chingwecho, koma manja ankanjenjemera ndipo maso sankaonanso tiwayato. Anayesa kawiri, nadula wapakati kawiri konse. Chingwe chinafupika, malo oyesanso anatsala amodzi.

Akazi awo, a Alesi, mmisiri woluka mphasa, anakhala pansi pambali pawo.

"Bweretsani kuno, bambo a Lekani. Inu muzingonena."

Anamasula ukondewo ndi singano, kawaya kamodzikamodzi, n'kutipindira m'mbuyo tonse. Amuna awo ankapapasa ndi chala.

"Pali kena apa."

"Ndakaona, musandiphunzitse kuluka."

A Kaliati anatenthetsa pa makala kachitsulo kosungunulira mtovu. A Alesi anawagwira dzanja kuti lisagwedezeke, dontho la mtovu n'kugwera pa nsonga ya pulagi penipeni. Anamanga pulagiyo, nailowetsa.

Loweruka, folo koloko itakwana, anthu anadzaza pakhonde pa sitolo. Anadutsa mayina asanu ndi awiri. Kenaka muulutsi anati Lekani Kaliati akupereka moni kwa bambo ndi mayi ake ku Kaduya, ali bwino, abwera pa Khirisimasi.

A Alesi anasendera pafupi ndi wailesi, nawomba m'manja.

"Takumva, mwanawe. Ifenso tilipo."

A Kaliati anatsokomola nthawi yaitali, atayang'ana kukhoma.