Dothi la pa Nsapato za a Boaz

A Boaz anabadwira ku Chiparamba, ndipo anakazinga mtedza pa fakitale ya chiponde ku Kapata kwa zaka khumi ndi chimodzi. Mtedza ukapsa ankaudziwa ndi mphuno, osati wotchi. Ine ndinalowa pamenepo mu Okutobala nditamaliza Giredi 12. Ntchito yanga inali yomata mapepala pa mabotolo, pakona poti palibe amayang'anapo.

Mvula itayamba, a Boaz anajomba kasanu m'masabata atatu. Chifukwa chake chinali chimodzimodzi: maliro. Kumudzi kwawo iwo ndi mdzukulu, mmodzi wa okumba manda. Koma ine ndinaona kuti anthu a ku Chiparamba ankangomwalira mvula ikagwa, nthawi imene aliyense akuthamangira kubzala.

"Atate, kwanuko atsala angati amoyo?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Iwe Tawina, mata mapepala ako. Ndikakana kukumbira anzanga, anga adzawakumbira ndani? A Jethro?"

A Jethro, kapitawo wathu, anali atanena kale kuti akajombanso kamodzi popanda umboni, ntchito yatha. Umboni wake ankafuna pulogalamu ya maliro yosindikiza. Ku Chiparamba ndani amasindikiza pulogalamu?

Ine ndinali nditayamba kale kuyang'ana nsapato za a Boaz kuyambira pamene anajomba kachiwiri. Dothi la pansi pa dzenje la manda ndi lofiira, la m'munda mwawo lakuda. Izi anandiuza okha osadziwa chimene ndinkafunsira. Atajomba kachisanu ndi chimodzi anabwera ndi lakuda lokhalokha, lili phaphatha mpaka m'zingwe.

A Jethro anandiitana mu ofesi. Kanali koyamba kunditchula dzina.

"Akuti iwe uli ndi maso. Madalawa anali kumanda kapena kumunda?"

Ndinawauza za dothi lakuda. Sindinaname. Zoti maulendo ena atatu linali lofiira sanandifunse, ndipo ine sindinanene.

Lachisanu a Boaz anavula ovololo, n'kuipachika pa msomali. Anaima pakona panga kanthawi.

"Mwana wanga, maliro a dzana anali a khanda. Dzenje lake silifika pa dothi lofiira."

Anakwera njinga napita. Mwina zinali zoona. Mwinanso a Jethro anawauza zimene ndinanena, iwo n'kukonza yankho. Ndafunsa anthu awiri a ku Chiparamba: wina akuti kunalidi maliro a khanda, wina akuti chimanga cha a Boaz chinamera msanga kuposa cha onse. Pa makina okazingira anaikapo mphwawo wa a Jethro, ndipo mtedza wapserera kale kawiri.